Ndani Amabwereza Chilembo Chala Chikakhalitsa pa Batani?

Wophunzira wina ankalemba chimangirizo pa kompyuta ya kusukulu. Chiganizo chake chomaliza chinali chakuti, "Usiku umenewo m'mudzi monse munali zii." Atangodina batani la chilembo chotsiriza, mnzake anamuitana kumbuyo, ndipo iye anacheuka chala chikadali pa batanilo. Pobwezera maso pa sikirini, anapeza mawu aja atasanduka "ziiiiiiiiiiiiiiiiiiiii", ndipo mzere wa zilembozo unkatalikirabe mpaka pamene anachotsa chala.

Chala cha wophunzirayo chinadina batani kamodzi kokha. Nanga zilembo zina zonsezo zinachokera kuti? Kompyuta sinawonongeke ayi, ndipo kiyibodi sinalakwitse. Pali china chake chimene chimawerenga nthawi batani likakhala lodinidwa, n'kulamula kuti chilembo chibwerezedwe. Kale ntchito imeneyi inkagwiridwa ndi kiyibodi yeniyeniyo. Masiku ano, kawirikawiri imagwiridwa ndi pulogalamu ya m'kompyuta. Kusinthaku n'kobisika, koma kumakhudza aliyense amene amatayipa.

Mbali ziwiri za kompyuta

Kompyuta ili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi zipangizo zimene munthu angathe kuziona ndi kuzikhudza, monga kiyibodi, sikirini, mawaya ndi tizipangizo ta m'kati. Pa Chingerezi zimenezi zimatchedwa hardware. Mbali yachiwiri ndi mapulogalamu, omwe ndi malangizo ouza zipangizozo zoyenera kuchita. Amenewa amatchedwa software. Zili ngati ng'oma ndi kayimbidwe kake. Ng'oma munthu angainyamule paphewa, koma kayimbidwe sikanyamulika. Ndiponso ng'oma ikasemedwa yasemedwa, pamene kayimbidwe kangasinthe gule akasintha.

Kale batani silinkabwereza

Makompyuta asanafale, makalata a m'maofesi ankalembedwa ndi makina otayipira. Kampani ya Remington ya ku United States inayamba kugulitsa makina otere m'chaka cha 1874. Chilembo chilichonse chinali kunsonga kwa kamtengo kachitsulo. Munthu akadina batani, kamtengoko kankadumpha n'kumenya pepala kudzera pa kansalu ka inki. Mphamvu yonse inkachokera m'chala. Ngakhale munthu akanatsamira batani tsiku lonse, chilembo chinkatuluka chimodzi basi. Choncho kalaliki wofuna kutseka mzere kunsi kwa mutu wa kalata ankamenya batani limodzimodzilo kambirimbiri mpaka mzerewo utakwanira.

Magetsi anapeputsa ntchitoyi. Makina otayipira a IBM Selectric, amene anatuluka m'chaka cha 1961, anali ndi mabatani angapo obwereza okha, monga lotsekera mzere ndi losiyira mpata pakati pa mawu. Munthu akalikanikiza batani lotere mpaka pansi penipeni, makinawo ankapitiriza okha kufikira chala chitachoka.

Makompyuta atabwera, opanga ena anayesa njira ina. Kompyuta ya Apple II ya mu 1977 inali ndi batani lapadera lolembedwa REPT. Wofuna kubwereza chilembo ankagwira batani la chilembocho pamodzi ndi la REPT. Koma njira imene inadzafala ndi yosavuta kuposa pamenepo: batani limayamba kubwereza lokha likagwiridwa kwa kanthawi. Njirayi imathandiza kwambiri pa batani lofufutira la Backspace ndi pa mabatani a mivi. Popanda kubwereza, munthu wofuna kufufuta chiganizo cha zilembo 60 akanadina batani ka 60.

Kudikira ndi liwiro

Pa kubwereza kulikonse pali miyeso iwiri. Woyamba ndi nthawi yodikira. Batani likadinidwa, chilembo choyamba chimatuluka pomwepo, kenako pamakhala kaye bata. Nthawi yodikira ikatha chala chisanachoke, kubwereza kumayamba. Muyeso wachiwiri ndi liwiro, ndiko kuti kuchuluka kwa zilembo zotuluka pa sekondi imodzi.

Kudikirako n'kofunika chifukwa chala cha munthu sichichoka pa batani msangamsanga monga mmene iye amaganizira. Kawirikawiri chimakhalapo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Kwa munthu imeneyi ndi nthawi yochepa ngati kuphethira kwa diso, koma kwa kompyuta ndi nthawi yaitali. Pakanapanda kudikira, ndipo liwiro likanakhala zilembo 30 pa sekondi, kudina kulikonse kukanatulutsa zilembo zitatu kapena zinayi. Mawu akuti "moni" akanasanduka "mmmooonnniii".

Mwachitsanzo, nthawi yodikira ikhale theka la sekondi, ndipo liwiro likhale zilembo khumi pa sekondi. Munthu akagwira batani kwa masekondi awiri, chilembo chimodzi chimatuluka poyamba. Theka la sekondi limathera pa kudikira. Pa sekondi imodzi ndi theka yotsalayo pamatuluka zilembo pafupifupi 15. Zonse pamodzi zimakwana pafupifupi 16.

Funso lalikulu tsono ndi ili: wotchi yowerengera nthawiyi ili kuti, m'kiyibodi kapena m'kompyuta?

Njira yakale: kiyibodi imadziwerengera yokha

M'chaka cha 1981 kampani ya IBM inatulutsa kompyuta yotchedwa IBM PC. Kiyibodi yake inali ndi kachipangizo kake koganiza, ka mtundu wa Intel 8048, kamene kanali ngati kakompyuta kakang'ono kobisika kunsi kwa mabatani. Pansi pa mabatani panali njira za magetsi zopingasana ngati ulusi wa nsalu, zina zoimirira, zina zogona. Kachipangizoko kankayendera njirazo mobwerezabwereza, mofulumira kwambiri, kufufuza batani limene ladinidwa.

Kiyibodi sinkatumiza zilembo ku kompyuta. Inkatumiza manambala. Batani lililonse linali ndi manambala awiri, ina yonena kuti ladinidwa, ina yonena kuti lasiyidwa. Batani la A likadinidwa, kiyibodi inkatumiza 30. Likasiyidwa, inkatumiza 158. Pulogalamu ya m'kompyuta ndi imene inkamasulira 30 kukhala chilembo cha a.

Munthu akagwira batani la A osalisiya, kachipangizo ka m'kiyibodi kankatumiza 30 kamodzi, n'kudikira pafupifupi theka la sekondi, kenako n'kumatumizanso 30, 30, 30, pafupifupi kakhumi pa sekondi. Kompyuta inkangolandira nambala iliyonse n'kulemba a. Kugawana ntchito kotere kunali kwanzeru, chifukwa makompyuta a nthawi imeneyo anali ndi mphamvu zochepa, ndipo ntchito iliyonse imene kiyibodi inkasenza inkawapepukira.

M'chaka cha 1984 kunatuluka IBM PC/AT. Kuyambira pamenepo kompyuta inkatha kutumiza lamulo ku kiyibodi louza miyeso yoti itsatire. Nthawi zodikira zosankhapo zinali zinayi zokha: gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi, theka la sekondi, magawo atatu mwa anayi, ndi sekondi yathunthu. Liwiro linkayambira pa zilembo ziwiri mpaka 30 pa sekondi. Komabe wowerenga nthawi anali akadali kiyibodi. Njira yomweyi inapitirira pa makiyibodi a PS/2, amene anayamba m'chaka cha 1987. Amenewa amadziwika ndi pulagi yake yaing'ono yozungulira, ya timano tisanu ndi kamodzi, imene kawirikawiri imakhala yofiirira ngati duwa la jakaranda. Njirayi sinatheretu mpaka lero, pakuti m'malaputopu ambiri kiyibodi yomangidwira momwemo imalumikizanabe ndi kompyuta mwa dongosolo la PS/2.

Njira yatsopano: kompyuta ndiyo imawerenga

M'chaka cha 1996 kunabwera njira yatsopano yolumikizira zipangizo ku kompyuta, yotchedwa USB. Pa njirayi kiyibodi siyamba yokha kulankhula. Kompyuta ndiyo imaifunsa, kambirimbiri pa sekondi iliyonse, ngati pali chatsopano. Yankho la kiyibodi ndi mndandanda wa mabatani amene ali odinidwa pa nthawiyo. Pa dongosolo lake losavuta, mndandandawo umatenga mabatani okwana asanu ndi limodzi, kuwonjezera pa Shift, Ctrl, Alt ndi anzawo.

Munthu akadina A, kiyibodi imanena kuti batani la A lili pansi. Munthu akalisiya, imatumiza mndandanda umene mulibe A. Pakati pa mauthenga awiriwa kiyibodi sibwereza chilembo chilichonse. Imene imabwereza ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, monga Windows, macOS kapena Linux. Pulogalamuyi ikamva kuti A wadinidwa, imalemba a kamodzi n'kuyamba kuyang'ana wotchi ya m'kompyuta. Nthawi yodikira ikatha isanamve kuti A wasiyidwa, imayamba kudzipangira yokha zilembo zinazo. Makiyibodi opanda waya a Bluetooth nawonso amatsata njira imeneyi.

Amayi, mwana ndi mphika wa nsima

Kusiyana kwa njira ziwirizi kumaoneka bwino kukhitchini. Amayi akuphika nsima, mthiko uli m'manja, ndipo mwana wawo wagwira mbale ya ufa kuti aziwathirira mumphika.

Tsiku loyamba amayi akuti, "Thira." Mwana akuthira kaufa pang'ono. Amayi akutinso, "Thira. Thiranso. Thiranso." Mwana akuthira pokhapokha wamva mawuwo. Amayi akakhala chete, iyenso amaleka.

Tsiku lachiwiri amayi akuti, "Yamba kuthira, uleke ndikanena kuti basi." Mwana akuyankha kuti, "Chabwino amayi," ndipo akuthira pang'onopang'ono mwa iye yekha, khutu lili tcheru kudikira mawu akuti basi.

Amayi akuimira kiyibodi, mwana akuimira kompyuta. Tsiku loyamba ndilo njira yakale, lachiwiri ndilo njira yatsopano. Pa tsiku lachiwiri mawu ndi ochepa, ndipo mwana angathe kuthira mofulumira kapena mochedwa malinga ndi mmene phala likuchitira. Koma pali ngozi imodzi. Ngati wailesi ikusokosera ndipo mwana sanamve mawu akuti basi, adzathirabe, ndipo nsima idzalimba mosadyeka.

Ngozi imeneyi imachitikadi pa makiyibodi opanda waya. Mabatire akafooka, kapena kulumikizana kukaduka batani lili pansi, uthenga wakuti batani lasiyidwa umachedwa kapena sufika. Kompyuta imapitiriza kulemba chilembocho ngakhale manja a munthu ali pamiyendo, mpaka itazindikira kuti kiyibodi yasowa. Ngati batanilo linali Backspace, mizere ingapo ingafufutike munthu akuona. Pa njira yakale zotere sizikanachitika, pakuti kiyibodi ikaleka kutumiza manambala, zilembo nazonso zinkalekera pomwepo.

Phindu la njira yatsopano

Nanga n'chifukwa chiyani njira yatsopanoyi ili yabwino ngakhale ili ndi ngozi yotere? Chifukwa chake n'chakuti pulogalamu imasinthika mosavuta, ndipo anthu otayipa ndi osiyanasiyana.

Choyamba, munthu aliyense angasankhe miyeso yomuyenera. Pa Windows, malo osinthira za kiyibodi ali ndi miyeso iwiri ija, yolembedwa Repeat delay ndi Repeat rate. Mlembi wozolowera amafupikitsa nthawi yodikira kuti mivi iziyenda msanga. Mwana amene wangoyamba kumene kutayipa angaitalikitse, chifukwa chala chake chimachedwa pa batani pamene maso akufunafuna chilembo chotsatira.

Chachiwiri, pali anthu amene manja awo amanjenjemera chifukwa cha ukalamba, matenda kapena ulumali. Agogo ofuna kulembera kalata adzukulu awo angavutike kwambiri ngati chilembo chilichonse chikutuluka kanayi. Kwa anthu otere Windows ili ndi chithandizo chotchedwa Filter Keys, chimene chimachedwetsa kubwereza kapena kukuletseratu, komanso chimanyalanyaza mabatani okhudzidwa mwangozi. Njira imodzi yoyatsira chithandizochi ndi kugwira batani la Shift la kudzanja lamanja kwa masekondi asanu ndi atatu.

Chachitatu, pulogalamu ingagwiritse ntchito nthawi yogwira batani pa chinthu china osati kubwereza. Kuyambira m'chaka cha 2011, pa makompyuta a Apple munthu akagwira batani la e, m'malo mwa "eeeeee" pamatuluka kabokosi ka zilembo monga é, è ndi ê kuti asankhepo. Zimenezi zimathandizanso olemba Chichewa. Pali chilembo cha ŵ, chokhala ndi kadenga pamwamba, chimene olemba ena amachiika m'mawu monga Malaŵi, Chicheŵa ndi maŵa. Chilembochi chilibe batani lakelake pa kiyibodi ya Chingerezi, koma pa makompyuta amenewa ndi pa mafoni ena chimapezeka pogwira w kwa kanthawi. Chimapezekanso m'chinenero cha ku Wales, m'mawu monga dŵr, kutanthauza madzi. Pa kiyibodi ya pa galasi la foni palibe n'komwe batani lenileni. Zonse, kuphatikizapo kufufuta kobwerezabwereza, zimachitidwa ndi pulogalamu.

Masewera a pa kompyuta nawonso amadzisankhira zoti amvere. Ambiri salabadira zilembo zobwerezedwa. Amangofuna kudziwa pamene batani latsika ndi pamene lakwera. Akanadalira kubwereza, munthu wa m'masewera akanaponya phazi limodzi, n'kuima theka la sekondi, kenako n'kuyamba kuthamanga, mdani atamugwira kale.

Ntchito imene yatsalabe m'kiyibodi

Kiyibodi ya masiku ano ikadali ndi kachipangizo kake, ndipo pali ntchito ina yowerenga nthawi imene kamaigwirabe. Tizitsulo ta pansi pa batani tikagundana sitikhazikika nthawi yomweyo. Timanjanja kangapo ngati mpira wogwa pa simenti, m'kanthawi kochepetsetsa koti diso silingaone. Kachipangizoko kamadikira pang'ono kuti kunjanjako kuthe, kenako n'kuwerenga zonsezo ngati kudina kumodzi. Batani likakalamba kapena likalowa fumbi, kunjanja kumachuluka, ndipo chilembo chimatuluka kawiri ngakhale munthu wadina mwamsanga. Vuto lotere ndi la chipangizo. Limasiyana ndi mzere wautali wa zilembo zofanana, umene umasonyeza kuti batani lagwiridwa kapena lakakamira pansi, kapenanso kuti kompyuta sinamve kuti lasiyidwa.

Wophunzira uja ankagwiritsa ntchito kiyibodi ya USB. Choncho chilembo choyamba cha i chinachokera m'chala chake, koma zina zonsezo zinalembedwa ndi pulogalamu, imene inkayang'ana wotchi podikira uthenga wakuti batani lasiyidwa. Pokonza cholakwacho iye anagwira Backspace, ndipo kubwereza komwe kunamuwonongera mawu n'kumene kunamuthandiza kuwafufuta. Ulendo uno maso ake sanachoke pa sikirini, ndipo anachotsa chala zitatsala zilembo zitatu zoyenera: zii.

Matanthauzo a mawu

Chimangirizo: nkhani yolembedwa m'ndime pa mutu umodzi.
Kudina: kukanikiza chinthu ndi chala.
Muyeso: kukula, kutalika kapena kuchuluka kwa chinthu.
Kunjanja: kudumphadumpha monga mmene umachitira mpira ukagwa pansi.
Kunyalanyaza: kusalabadira chinthu mwadala.

Mafunso

1. N'chifukwa chiyani kalaliki wakale ankamenya batani limodzi kambirimbiri potseka mzere?
2. Tchulani miyeso iwiri ya kubwereza kwa batani.
3. Fotokozani zimene zikanachitika pakanapanda nthawi yodikira.
4. Kodi manambala 30 ndi 158 ankatanthauza chiyani pa kiyibodi ya IBM PC?
5. M'fanizo la nsima, kodi amayi akuimira chiyani? Nanga mwana?
6. N'chifukwa chiyani kiyibodi yopanda waya nthawi zina imachititsa kuti zilembo zizilembeka zokha?
7. Fotokozani njira ziwiri zimene pulogalamu ingathandizire anthu amene amavutika potayipa.
8. Ngati nthawi yodikira ndi sekondi imodzi ndipo liwiro ndi zilembo 20 pa sekondi, kodi patuluka zilembo pafupifupi zingati batani likagwiridwa kwa masekondi atatu?

Ntchito

1. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Muli awiriawiri, wina agwire batani la kamzere aka - pamene mnzake akuwerenga masekondi atatu pa wotchi. Werengani timizere tatulukato. Bwerezani katatu, ndipo lembani zimene mwapeza.
2. Gwirani batani limodzi mpaka liyambe kubwereza. Musanalisiye, gwiraninso lina. Ndi liti limene likubwereza tsopano?
3. Lembani ziganizo zisanu zokhala ndi mawu monga zii, phee, mbee, bii ndi psuu. Zitayipeni mosamala kuti pasatuluke chilembo chowonjezera.
4. Funsani makolo kapena agogo anu ngati anagwiritsapo ntchito makina otayipira. Lembani ndime imodzi yofotokoza zimene akuuzani.